Ulusi ukakolana kunsi kwa nsalu

Dzulo chakumadzulo ndimapinda siketi ya mwana wa sukulu pakhonde pomwe ndimasokera pano pa Santhe. Phazi limapalasa bwinobwino, kenaka gudumu linangouma gwa, singano n'kuima ili m'nsalu. Nditaizula n'kutembenuza siketi ija, ndinapeza ulusi utaunjikana kunsi ngati chisa cha mpheta. Pamwamba msoko unali woongoka, woti mwini siketi akanalipira osafunsa kanthu. Kunsi ndiye kunali chipwirikiti.

Mtsikana amene ndikumuphunzitsa ntchitoyi anatola sizasi msangamsanga, dzanja linalo lili kale pa bobini. Ndinati, "Iwe, tasiya kaye. Kumwambaku wayang'anako?" Anandiyang'ana modabwa, poti vutolo amaliona ndi maso ake kuti lili pansi. Nanenso ndinadabwa chimodzimodzi mu 2006, pamene bambo wina wachikulire amene ankasokera pakhonde la sitolo ku Kasungu boma ankandiphunzitsa. Iwo ankati, "Mwana wanga, ulusi ukakolana pansi, wolakwa amakhala wa pamwamba."

Kwa inu amene simunapalaseko makina, ulusi umakhala uwiri. Wa pansi umagona m'bobini. Wa pamwamba umadutsa pakati pa timbale tiwiri tomwe timaupana, n'kulowa pa kamkono kaja kamakwera ndi kutsika, kenaka pa singano. Singano ikatsika, ulusi wa pamwambawo umazungulira bobini, kamkono n'kuukokanso kuti ubwerere, msoko n'kumangika pakati pa nsalu. Tsono ulusi ukaphonya timbale tija, kapena ukaulowetsa kaphazi kopana nsalu kali pansi timbale titatsekeka, umasowa chougwira. Umatsika wambiri, wobwerera wochepa, ndipo wotsalawo ndi umene umaunjikana kunsi. Munthu amatha tsiku lonse akutsegula bobini, akuipukuta, akuithira mafuta, pamene bobiniyo ilibe mlandu.

Usiku wathawu ndagona mochedwa, chifukwa mawu akuti kukolana ndakhala nawo m'mutu kuyambira 2024. Chichewa chathu sichisowa mawu pa zinthu zotere, ndipo mawuwo safanana. Ulusi umakolana. Chingwe chimapiringizika. Nyama imakodwa. Nyemba zimayanga pa phesi la chimanga. Pomwe chingwe chamangika timati mfundo, ndipo munthu akalankhula zomveka pabwalo timatinso wapereka mfundo. Womasula chingwe ndi womasulira mawu ovuta mneni wawo ndi mmodzi. Kale ndinkangosakaniza mawu onsewa. Pano ndimasamala nawo, chifukwa ndinaona kuti liwu limene munthu wasankha pofotokoza vuto lake ndi lomwe limamulozera kokafuna wolakwa.

Kupiringizika ndinakuphunzira ku mbuzi. Kumudzi kwathu mbewu zikangomera, amfumu ankalengeza kuti mbuzi zonse zimangidwe mpaka anthu atakolola, ndipo ntchito yozimangirira inali ya ife ana. M'mawa unkazitengera m'mphepete mwa dambo, kukhoma chikhomo, kumanga chingwe cha khonje chimene agogo aamuna anapota okha pantchafu. Masana unkayenera kupitanso kukaziona. Anthu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira, koma amene anawetapo akudziwa kuti maso ake amakhala pa udzu wa patsogolo pang'ono. Imatambasula khosi, imapita uku, imabwerera mbali ina ya chitsa, imadutsa kuseri kwa kachitsamba. Palibe paliponse pamene yachita chopusa. Paliponse imangotsata udzu. Koma ikazungulira kamodzi chingwe chimafupika, ikazunguliranso chimafupikanso, ndipo dzuwa likafika pamutu umaipeza khosi lili pa chitsa, ikulira, udzu uli mbwee mbali zonse koma yosaufikira.

Amayi anali ndi lamulo pa zimenezi. Kumasula m'khosi ankaletsa, chifukwa mbuzi yanjala ikamasuka imathamangira m'munda mwa eni, madzulo n'kukhala mlandu. Kudula chingwe ankaletsanso. Ankati uigwire m'khosi, uyende nayo chobwerera momwe inadzera, ndipo pomwe inazungulira pomaliza ndi pomwe uyambire. Mbuzi imakana zimenezi. Imaponda pansi nji, imakoka, chifukwa kwa iyo kubwerera m'mbuyo ndi kusiya udzu.

Tsiku lina, ndili ndi zaka ngati 10, ndinamanga kamwana ka mbuzi pafupi ndi make. Kanali katangoyamba kumangidwa, ndipo kankalira kwambiri kakakhala patali. Ndinakamvera chisoni. Amayi anali atandiuza kale kuti zingwe ziwiri zisamafikirane, koma ndinaona ngati ndi nkhanza. Masana ndinapeza zingwe zitapotana ngati chimodzi, make ataimirira akupuma movutika, kamwanako katagona pansi lilime lili kunja. Amayi sanandimenye. Anangomasula zingwezo pang'onopang'ono ine ndikuona, osalankhula, ndipo kukhala chete kwawoko ndimakukumbukira kuposa mkwapulo uliwonse umene ndinalandirapo.

Kukodwa ndi nkhani ina, ndipo amene amaidziwa bwino ndi bambo a kunyumba. Kwawo ndi kwa Chulu, kufupi ndi nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, ndipo pano amakonza njinga. Akagwira waya wa mabuleki amanena kuti waya ngati ameneyu ndi amene opha nyama mozemba amapangira makhwekhwe. Amapinda wayayo kuti pakhale polowa mutu kapena mwendo, n'kumutchera panjira yopita kumadzi. Nyama ikalowamo, mphamvu zake zomwe ndi zimene zimaimanga: ikakoka, waya amalowa m'thupi. Chiyambire pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu mu 2022, nkhani za kumeneko zakhala za njovu zolowa m'minda, koma makhwekhwe ndi akale kuposa pamenepo, ndipo waya sasankha. Wotchera amafuna gwape, wokodwa n'kukhala fisi kapena chitamba cha njovu. Chachikulu n'chakuti khwekhwe lili ndi mwini wake. Pali munthu amene anakhala pansi, n'kuganiza, n'kusankha njira yotcherapo.

Pakati pa anthu, kukodwa kotero tinakuona ndi maso m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu. Matenanti ankabwera pa malole kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, ndi akazi ndi ana awo. Chimanga chodya, feteleza, khasu, ngakhale ndalama ya kuchipatala, zonse zinkalembedwa m'buku ngati ngongole. Fodya akauma, mtengo ankanena ndi mwini esiteti, wochotsera ngongole ndi yemweyo, ndipo ena ankatha chaka chonse n'kupezeka alibe ngakhale yokwerera basi kubwerera kwawo. Ankakhalanso chaka china kuti abweze, ngongole n'kumakulirakulira. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti. Munthu wotero akati ndakodwa, akunena zoona, ndipo womuuza kuti adzifufuze yekha akumulakwira.

Ine ndinkanenanso kuti ndakodwa. Ndinanena choncho miyezi 6.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo m'masitolo inasintha sabata yomweyo. Pakati pa Disembala achimwene anga, amene amalima fodya wa bale kumudzi, anabwera pakhonde pano. Anakhala pa benchi nthawi yaitali akuyang'ana ndikusoka. Kenaka anati, "Mlongo wanga, fodya wafika pothira wachiwiri. Ndalama ndinasunga ija siikukwananso. Ukandipezera K200,000, msika ukatsegulidwa mu Epulo ndikubwezera tsiku lomwe ndalandira."

Kuti mumvetse chifukwa chake pakamwa panga sipakanatuluka ayi, muyenera kudziwa za makinawa. Pa njala ya 2002, pamene anthu kuno ankadya zitsa za nthochi ndi gaga, achimwenewa ndi amene ankayenda mitunda kukagwira ganyu m'maesiteti, n'kubwera ndi kathumba ka madeya kamene kanatisunga ine ndi amayi. Mu 2006 atagulitsa fodya ku Kanengo, sanagule njinga imene ankailakalaka. Anandigulira makina awa, n'kundilipirira kophunzira. Chilichonse chimene ana anga adya chadutsa pansi pa singano imene anagula ndi iwo. Komanso kwathu kuno mlongo wako wamwamuna ndiye mwini mbumba, malume wa ana ako, amene adzaimirire pa ukwati wawo ndi pa maliro ako.

Ndinakatenga ndalamayo ku banki m'khonde ya gulu lathu. Lamulo la gululo linali lakuti chiwongoladzanja ndi 20 pa 100 mwezi uliwonse, ndipo pakatha miyezi itatu ubweze yonse. Bambo a kunyumba sindinawauze. Mumtima ndinkati iyi ndi nkhani ya kwathu, ya ine ndi mlongo wanga, mkamwini alowamo bwanji.

Januwale ndinapereka K40,000 kuchokera pa zimene ndinasoka pa Khirisimasi, ndipo ndinaona ngati zitheka. Febuluwale ndi mwezi umene telala aliyense amaudziwa: anthu akusaka ufa, palibe wosoketsa, wobwera ndi wa chigamba cha K500. Chaka chimenecho mvula inadulanso, chimanga n'kufota chili pofuna kumasula, moti mu Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ndinapita kwa mnzanga wa pamtima, amene tinavinidwa limodzi, amene ankabwera pakhonde pano masana aliwonse kudzasenda mtedza tikucheza. Ndinamupempha kuti anditengere K100,000 ku gulu lake m'dzina lake. Sanafunse zambiri. Anangoti, "Amwali, bola abambo asamve." Pa ndalamayo K40,000 inapita ku gulu langa, K30,000 ndinagula chimanga, K30,000 ndinapatsanso achimwene kuti agule mikangala ndi kulipira osoka fodya, poganiza kuti fodya akaonongekera m'munda ndiye kuti zonse zapita.

Malichi inafika ndikufunika K240,000 ku gulu langa ndi K20,000 ku gulu la mnzanga. Sabata yomweyo amayi a kwaya ya mpingo wina anabwera ndi K150,000 yoti ndikagule nsalu ya mayunifolomu 20 a pa Pasaka. Ndalamayo anasonkha okha, ena atagulitsa nkhuku. Ndinaiyang'ana usiku wonse ili m'kabati ya makina. M'mawa ndinatenga K100,000 kupita nayo ku gulu, n'kupempha kuti yotsalayo andionjezere nthawi, ndipo K20,000 ndinapatsa mnzanga. Ndinkadziuza kuti sindikuba, ndikungosuntha, Epulo ali pafupi. Pasaka itayandikira nsalu palibe, ndinapita kwa bambo wina wa katapila pamsika pano. Anandipatsa K100,000 yoti pakutha mwezi ibwere K150,000, ndikalephera ndizipereka K50,000 ya pamwamba mwezi uliwonse mpaka nditapeza yonse. Chikole chake anafuna makina. Ndinavomera. Nsalu inabwera mochedwa, ndinasoka usana ndi usiku, ndipo pofika Lamulungu la Pasaka, pa 31 Malichi, ndinali nditamaliza 12 okha. Amayi 8 anaimba atavala zovala za kunyumba, ataima kumbuyo kwa anzawo.

Fodya wa achimwene anatuluka wochepa ndi wopepuka chifukwa cha ng'amba ija. Mabelo anapita ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma, koma analinso ndi ngongole zina zimene ine sindinkazidziwa, ndipo zonse zitachotsedwa anabwera mu Juni ndi K120,000, maso ali pansi. Ndalamayo sinagone m'nyumba. Inathera ku ziwongoladzanja zimene zinali zitatsalira.

Kumapeto kwa Juni bambo wa katapila uja anabwera ndi mnyamata wa kabaza kudzatenga makina. Anafika bambo a kunyumba ali pomwepo akumata chubu. Sanakweze mawu. Anamupempha munthuyo kuti atipatse sabata imodzi, iye n'kuvomera atawaona kuti ndi munthu wodziwika pamsika. Munthuyo atachoka, bambo anatsitsa kalendala pakhoma, n'kuitembenuza, n'kundipatsa pensulo ya mwana. Anati, "Amayi, lembani zonse. Musasiye ngakhale imodzi."

Ndinalemba ndikulira. Ku gulu langa K140,000, yobala K28,000 pamwezi. Ku gulu la mnzanga K100,000, yobala K20,000. Kwa wa katapila K150,000, yobala K50,000. Mayunifolomu 8. Titaphatikiza tinapeza kuti mwezi uliwonse ndimayenera kupeza K98,000 yongoti ngongole ziime pomwe zili, osachepa ndi tambala yomwe. Aka kanali koyamba kuona zonsezi pamalo amodzi. M'mutu mwanga zinali chinthu chimodzi chachikulu chakuda chimene chinkandidzutsa 2 koloko usiku. Pa kalendala zinali mizere inayi, uliwonse ndi poyambira pake.

Ndinati, "Bambo, ndakodwa."

Anafunsa kuti, "Watchera ndani?"

Ndinayamba kutchula: achimwene, kugwa kwa kwacha, mvula. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka analoza mzere wachitatu n'kunena kuti, "Wotchera ndi uyu yekha. Uyu anaona makina asanaone nkhope yanu. Kwinaku mwazungulira nokha." Usiku umenewo nsima sanadye, ndipo anatha masiku atatu akungondiyankha moni.

Mawuwo anandipweteka, ndipo ndinawakana mumtima sabata yathunthu. Kodi kwacha ndinagwetsa ndine? Mvula ndinamanga ndine? Zimenezo zinalidi zoona, ndipo sindikufuna wina awerenge izi n'kumaloza chala mayi aliyense amene gulu lamulanda ndowa ndi mipando. Chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi ndi cholemera ngakhale chaka cha mvula yabwino, ndipo timachivomera chifukwa kwina kokongola kulibe. Koma ndikayang'ana mizere ija, uliwonse unali ngati mbuzi ija pa chitsa. Panalibe tsiku limene ndinachita chinthu chimene pa tsikulo chinkaoneka chopusa. Tsiku lililonse ndinkangofikira udzu wa patsogolo pang'ono.

Ndipo ulusi wa pamwamba sunali achimwene. Chipwirikiti chinaonekera kunsi, kwa amayi a kwaya, kwa mnzanga, kwa wa katapila, koma pomwe ulusi unaphonya timbale ndi tsiku lija la Disembala pamene ndinasankha kusauza munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi. Iwo anandiuza pambuyo pake kuti akanamva, akanati tiwapatse alamu K60,000 ya m'nyumba ngati thandizo, osati ngongole, yotsalayo achepetse munda. Mwina achimwene akanakhumudwa. Mwina ine ndikanakwiya. Koma pakanakhala chogwira ulusi kuti usatsike wonse. Chinsinsi choyambacho ndi chimene chinabala zina zonse, chifukwa ngongole iliyonse yotsatira ndinkaitenga osati kuti ndibweze yoyamba yokha, komanso kuti isamveke.

Tinayamba chobwerera, monga amayi ankachitira ndi mbuzi. Pomwe ndinazungulira pomaliza ndi pomwe tinayambira. Bambo anagulitsa nkhumba imene ankasungira malata, tinaonjezera matumba a mtedza, K150,000 n'kupita kwa wa katapila pamaso pa mboni ziwiri. Pamenepo pokha ndi pamene ndinadula, ndipo sindinong'oneza bondo. Tikakumana pamsika timapatsana moni basi.

Kwa amayi a kwaya kunali kovuta kuposa kupeza ndalama. Ndinapita Loweruka ali pokonzekera nyimbo, ndinagwada pakhomo, ndinanena zonse mmene zinayendera, osabisa kuti ndalama yawo ndinaigwiritsa ntchito ina. Ndinali nditawanamiza kale kuti nsalu inasowa ku Lilongwe. Mayi wina wachikulire, mmodzi mwa 8 aja, anati, "Mwana wanga, chimene chinatiwawa si kuima kumbuyo. Tinkadziwa kuti ukunama, ndipo tinkadikira kuti udzanene wekha." Mayunifolomu awo ndinamaliza mu Ogasiti, osalandira ya msoko. Chaka chathachi anabweranso ndi nsalu ina, koma anagula okha n'kubwera nayo m'manja, ndipo ndikuona kuti anachita bwino.

Ku gulu langa ndinkapereka pang'onopang'ono, ndipo pogawana mu Disembala anadula zotsala pa masheya anga. Anzanga ankabwerera kunyumba ndi ndalama za feteleza ndi za Khirisimasi, ine ndinabwerera ndi buku lokha. Koma linali buku lopanda ngongole.

Za achimwene anthu ambiri anandilangiza kuti ndidule. Ena ankati ndikasume kwa amfumu alande ngolo yawo. Ena ankati ndingowasiya, ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndinaganizira zonsezo, ndipo masiku ena mkwiyo unkandifika pakhosi, makamaka nditamva za ngongole zina zija zimene anandibisira monga momwe ine ndinabisira bambo. Koma akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine ndikuonjezera zimene ndimaona m'munda mwanga: nyemba zikayanga pa chimanga, sungazikoke osathyola phesi. Chingwe chimene chinandipiringiza ndi chomwecho chimene chinandikoka m'njala ya 2002. Ndikanachidula pati? Tinakhala pansi kwa amalume, bambo a kunyumba ali pomwepo, ndipo umenewu unali ulendo woyamba kuti mkamwini akhale nawo pa nkhani ya ndalama ya kwathu. Tinagwirizana kuti yobweza ndi K230,000 imene inafika m'manja mwawo, kuchotsapo K120,000 ija, ndipo ziwongoladzanja ndi zanga chifukwa njira yokongolera ndinasankha ndine. Akhala akubweza ndi soya, ndi kutituta njerwa pa ngolo. Yatsala yochepa. Ndinawauzanso, mawu akunjenjemera, kuti, "Achimwene, mukadzafunanso thandizo mudzabwere madzulo, alamu anu ali pakhomo." Anakhala chete, kenaka anati, "Ndamva, mlongo wanga."

Dzulo mtsikana uja atalowetsanso ulusi bwinobwino, kaphazi kali m'mwamba, anandifunsa kuti, "Ndiye anti, chisa ichi tisadule?" Ndinamuuza kuti tidula, ulusi umenewo sungagwirenso ntchito, koma kudula usanapeze pomwe waphonya ndi kungokonzera malo chisa china. Kenaka ndinamuonetsa msoko wabwino, ndinaukoka mbali zonse kuti aone mkati mwake. Msoko uliwonse ndi ulusi uwiri wokolana. Popanda kukolanako siketi ingagwe m'chiuno. Wa pamwamba ukakoka kwambiri nsalu imachita makwinya, ukalekerera kunsi kumachita chisa, ndipo ntchito yonse ya telala ili pa kakombero kopanitsa timbale tija, kamene timapotoza pang'onopang'ono kufuna pakati.

Mzere umodzi pa kalendala ija sindinaufufute, ngakhale ndalama yake ndinamaliza kubweza mu Seputembala 2024. Ndi wa mnzanga. Mu Julayi, ine ndili kalikiliki ndi wa katapila ndi amayi a kwaya, chiwongoladzanja cha ku gulu lake chinadumpha mwezi, ndipo amayi a gululo anapita kunyumba kwake masana, mwamuna wake ali pakhomo. Anamva kwa alendo kuti mkazi wake ali ndi ngongole ya K100,000 imene ndalama yake sanaione. Sanakhulupirire kuti inali ya ine. Mnzangayo anakakhala kwa amayi ake milungu iwiri mpaka ankhoswe atakhalirana pansi, ndipo ine ndinakaima pamaso pawo kuchitira umboni. Banja linabwerera. Koma ndimadziwa chimene ndinachita: ndinamanga chingwe chake pafupi ndi changa, ine wamkulu amene ndinaona kale zimene zimachitika zingwe zikafikirana.

Sanandinenepo mawu oipa. Akamapita kumsika amadutsa pano, amati, "Mwaswera bwanji, amwali?" ine n'kuyankha, iye n'kupitirira. Benchi imene ankakhalapo ilipobe pomwe inali. Mwezi watha mwana wake wamkazi anabwera ndi diresi long'ambika m'khwapa, atatumidwa ndi amake, ndalama ya msoko ataikulunga m'kapepala. Ndinasoka, ndinabweza ndalamayo m'thumba la diresi lomwelo. M'mawa mwake mwanayo anabweranso nayo, akuti amayi akuti mulandire. Ndinalandira. Ili m'kabati ya makina, m'kapepala kake komwe kaja.